Mafupa a Bambo Ali M'katoni

Wokondedwa mlamu wanga,

Ndiyambe ndi moni ngakhale mtima ukufuna kuyamba ndi zina. Uli bwanji kumeneko? Akazi ako ndi ana ali bwanji? Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Ife kuno tilipo, kupuma tikupuma. Akulu ako khutu lakumanzere likuwavutabe, ana ali bwino, za amayi ndikuuza kutsogoloku.

Ndalemba kalata chifukwa foni yako masiku ano ikaona nambala ya kuno imangolira mpaka kutopa yokha. Pepala sungalidule. Ndiye khala pansi uwerenge, ndipo usandiuze kuti uli pamsonkhano.

Nkhaniyi ukuidziwa mbali ya pa wailesi. Ndikuuze ya m'boti, popeza ine ndinalimo.

Mwina moyo wa m'tauni wakuiwalitsa ntchito yathu. Akulu ako amalowa pansi pa madzi kukamasula maukonde okodwa, kukamangirira anangula otayika, kukapala kunsi kwa maboti a anthu. Ine ndimakhala pamwamba, dzanja lina pa paipi ya mpweya, lina pa chingwe chomangidwa m'chiuno mwawo. Gonthi, mnzathu uja madzi anamuphulitsa makutu, ndiye amayang'anira makina opopa mpweya.

Ife timayankhulana ndi chingwe. Akachigwedeza ndiye kuti zonse zili bwino. Akakoka motsatizana ndiye kuti ndikwezeni. Koma akakoka mwamphamvu osalekeza, ndiye kuti apeza munthu. Iwenso unachigwirapo chingwe chimenechi usanapite ku masukulu akowo.

Lamulo lathu nalonso ukulidziwa: amene wamupeza pansi sumusiya. Kaya ndi m'bale, kaya ndi mlendo, kaya munatukwanizana dzulo lake. Umamumanga bwinobwino n'kukwera naye. Tavuula anthu a eni ake ambirimbiri, apolisi ataima pagombe manja ali m'thumba, pomaliza n'kutithokoza. Palibe anatifunsapo chilolezo.

Tsiku lija tinapita kukamasula ukonde wa asodzi umene unakodwa kutali, kuseri kwa miyala ija. Akulu ako analowa, n'kuchedwa. Atatuluka anavula magalasi, anakhala pa thabwa, madzi akungoyenderera m'ndevu. Ine ndinayamba kukalipa poganiza kuti paipi yawavuta. Kenako ananena kuti ukondewo wakodwa pa sitima, ndipo dzina lake aliwerenga ndi zala pa chitsulo. Inali sitima ya katundu ija, imene inamira ndi bambo anu iwe uli kumsana.

Amayi anakuuza mmene zinayendera nthawi imeneyo. Boma linafufuza masiku owerengeka n'kunena kuti madzi ndi akuya, iwalani. Anakulerani awirinu opanda manda oti akaimepo.

Tsiku lomwelo akulu ako anakuimbira. Nthawi imeneyo foni yako inkayankha ikangolira kamodzi. Gonthi ankati tisauze munthu, tiyambe tatulutsa anthu athu mwakachetechete, zina zidzaoneka pambuyo. Iwe unati ayi, dziko lili ndi malamulo, mukanene ku ofesi, akakuthandizani mwaulemu. Akulu ako atatsitsa foni anati wasukulu wanena. Tinamangirira chigubu chachikasu pamalopo kuti asodzi asakodwenso, n'kupita ku ofesi titavala zovala zathu zabwino.

Anabwera awiri. Wina anali bambo wa ku ofesi ya zamadoko, amene tinangomutcha a Chipewa popeza sachivula ngakhale m'nyumba mwa eni ake. Wina anali mayi wa magalasi wochokera ku dipatimenti yoona zinthu zakale. Tinawatenga pa boti lathu, mafuta athu. A Chipewa anasanza ulendo wonse, ine wopusa n'kumawagwirira chipewa chawocho kuti chisagwere m'madzi.

Titafika anatigwira chanza, anatijambula, anatitcha ngwazi. Akulu ako anamwetulira mpaka mano a m'mbali. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Alendowo atawafunsa zimene anaona pansipo, iwo mosabisa anati m'mimba mwa sitimayo mwadzaza mkuwa. A Chipewa nseru inawathera pomwepo. Akulu ako atanena za anthu amene ali m'menemo, anawayankha kuti zimenezo tikambirana.

Tinadikira mpaka mvula inayamba. Maofesi awiri aja anagwirana pakhosi. A zamadoko ankati chilichonse chomira ndi chawo. A zakale ankati chilichonse chakale ndi chawo. Anatukwanizana pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Chimodzi chokha ndi chimene anagwirizana, kuti ife tisayandikireko. Anakhoma chikwangwani pa doko, anadula chigubu chathu n'kuikapo chawo chofiira.

Akulu ako sanatope kupita kukafunsa za mafupa. Benchi ya m'khonde la ofesi ija inawazolowera. Khomo ili ankawatumiza khomo ilo, khomo ilo n'kuwauza kuti bwana apita kumsonkhano. Mlonda wa pageti anafika powasungira malo pamthunzi. Zaka zonsezi palibe anaifuna sitima imeneyi, mlamu. Tinaipeza ndife, tinaiulula ndife, tsopano ofunika chilolezo tinakhalanso ndife.

Kenako kunabwera chisitima cha kampani ina, chokhala ndi chimkono chonyamulira katundu. Anayamba kukweza mkuwa. Wophika wa m'sitimamo amagula nsomba kwa mchemwali wanga, ndiye tsiku lina pakamwa panamuyabwa. Anati kuti afike pa mkuwa wotsala ayenera kudula chipinda cha injini, ndipo chilichonse chimene si mkuwa amachikokolola pamodzi ndi matope n'kuchitaya kumbali. Bambo anu ankagwira ntchito m'chipinda cha injini.

Akulu ako atamva sanakalipe. Anangopita kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuyendera paipi ya mpweya ndi zala, kufuna pobooka. Ine ndinadziwa. Sindinawaletse, ndipo ngakhale lero sindingawaletse.

Tinapita tsiku limene a kampani amapuma. Sitinabisale ayi. Tinanyamuka dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona pa doko. Gonthi analiza makina, akulu ako analowa atatenga lona yatsopano.

Ndakhala pa chingwe chimenechi kuyambira ndili mtsikana, koma tsiku limenelo ndinachikulunga kudzanja. Chinayenda, chinayenda, n'kuima. Mpweya ukungophulika pamwamba pa madzi. Kenako chinakoka. Chinakoka mwamphamvu osalekeza mpaka kundidula m'chikhatho. Ndinayang'ana Gonthi, iye n'kuvula chisoti chake. Sanafunike makutu kuti amve zimenezo.

Akulu ako anawapeza bambo anu pamalo awo a ntchito, pafupi ndi makwerero. Ukukumbuka nkhani ya mwendo wawo, umene unathyoka ali mnyamata achipatala n'kuikamo chitsulo? Chitsulocho chinali pomwepo, chitagwirabe fupa. Pambali pake panali chomangira lamba chija anachisula okha, chimene chikuoneka pa chithunzi cha pakhoma.

Akulu ako anandipatsira lona ija asanakwere m'boti. Ndinailandira ndi manja awiri poganiza kuti ilemera. Mlamu, bambo anu onse anapepuka ngati kamtolo ka nkhuni. Ndinawaika pamiyendo panga ulendo wonse wobwerera.

Kunyumba tinawaika patebulo la pabalaza. Amayi anasamba m'manja, anamasula lona okha, anagwira chitsulo chija kwa nthawi yaitali. Ife tinkadikira kulira. Iwo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mwachedwatu, bambo a ana." Atatero anaseka. Chikwatiwire pakhomo pano sindinawamvepo akuseka choncho.

Amayi analamula kuti manda akumbidwe. Tinagula bokosi. Anansi anabwera, ngakhale mabanja ena amene anthu awo ali m'sitimamo anabwera kudzafunsa ngati akulu ako anaonako abale awo. Tinakuimbira, iwe unati udzabwera zinthu zikakhala m'malo. Sindinamvetse tanthauzo lake, koma tsopano ndikumvetsa.

M'mawa wa tsiku loika maliro galimoto inaima pakhomo. Munali apolisi, a Chipewa ndi mayi wa magalasi uja. Analowa pabalaza anthu atadzaza. A Chipewa, chipewa chili kumutu, anawerenga pepala lonena kuti akulu ako aba chuma cha dziko pamalo otetezedwa. Anatsegula bokosi. Anatulutsa bambo anu fupa limodzilimodzi n'kumawaika m'katoni ya mafuta ophikira imene anaitola m'galimoto mwawo.

Mayi wa magalasi analemba nambala pa katoniyo. Sanayang'ane munthu kumaso. Ndimuchitire chilungamo, anapepesa chapansipansi. Koma nambala anailemba.

Amayi sanagwire munthu malaya. Anaima pakhomo, n'kufunsa a Chipewa kuti, "Akhala m'madzi zaka zonsezi simunawafune. Lero auma ndiye akhala anu?" A Chipewa anayankha kuti iwo akungotsatira malamulo, n'kudutsa chammbali atakumbatira katoni.

Anatenga akulu ako. Anatenga makina a mpweya, paipi, magalasi, ngakhale chingwe changa. Ati ndi umboni. Boti analimanga ndi unyolo pa doko, pano mwadzaza madzi a mvula ndipo ana a anthu akusewereramo.

Akulu ako anagona m'chitokosi masiku angapo, anatuluka pa belo. Panopa amakhala kuseri kwa nyumba kusoka maukonde a anthu ena, munthu amene ankalowa kumene ena amaopa. Gonthi akunyamula matumba pa doko. Boma laletsanso aliyense kulowa pansi pa madzi opanda chiphaso, ndipo chiphasocho chimaperekedwa kwanuko. Anzathu a ntchito onse ali pakhomo chifukwa cha ife. Ena akationa pamsika amayang'ana tomato.

Mwezi watha anachita mwambo pa doko. Anaimika belu la sitima ija patebulo, atalipukuta mpaka kuwala. Bwana wina anauza anthu kuti dipatimenti yawo yapeza sitimayo patatha kafukufuku wa zaka zambiri. Akulu ako anamva pa wailesi. Anangotembenuka n'kulozetsa khutu lawo lakufa ku wailesiyo, n'kupitiriza kusoka. Dzina lawo lalembedwa pamalo amodzi okha, pa pepala la mlandu.

Tsopano mvetsera, chifukwa apa ndiye pali chimene ndakulembera.

Katoni ija ili mumzinda mwanumo, m'chipinda chosungira katundu cha dipatimenti ya zakale. Mayi wa magalasi anandipeza panja pa khoti n'kundikokera pambali. Anati chitsulo cha m'mwendo ndi chomangira lamba kwa iwo si umboni. Anati mafupawo angawapereke pokhapokha mwana wobala wa malemuyo atapita kukapereka magazi, ayeze, zigwirizane. Akulu ako sangaloledwe chifukwa ndi oimbidwa mlandu. Magazi a amayi si a bambo. Anga ndiye usanene. Ndinapereka ana anga, anati ofesi ikufuna mwana, osati mdzukulu.

Ananenanso kuti mwezi uno ukatha popanda wobwera, mafupawo adzawerengedwa kuti alibe mwini. Adzawapereka ku khonsolo, akakwiriridwe m'dzenje limodzi ndi anthu osowa abale. Munthu anabala ana aamuna awiri, mlamu. Wina ali pa belo, wina ali pamsonkhano.

Uthenga umenewu tinakutumizira pafoni, ndipo ndikudziwa kuti unauona. Chifukwa chimene wakhalira chete ndikuchidziwanso, anandiuza ndi akazi ako, usawakalipire. Ati kuntchito kwanu akufuna kukukweza, ndipo dzina lako likamveka pa mlandu wolimbana ndi boma mpandowo upita kwa wina. Ati usiku sugona. Pepa. Kunonso sitigona.

Ine ndinalowa m'banja lino iwe ukuvala kabudula wong'ambika kumbuyo. Ndinakuchapira, ndinakumeta, ndinakubisa kuseri kwa chitseko akulu ako akufuna kukukwapula. Sindikunena izi kuti undibwezere. Ndikunena kuti ndili ndi ufulu wokuuza mawu owawa, ndipo ndikuuza. Ndiwe unati tikanene. Tikanamvera Gonthi, bwenzi bambo anu ali m'manda, maluwa atamera kale. Tinamvera iwe chifukwa ndiwe wodziwa malamulo. Lero lamulo lomwelo likufuna kadontho ka magazi ako, iwe wathimitsa foni.

Ndikudziwa kuti bambo suwakumbuka. Kwa iwe ndi chithunzi cha pakhoma basi. Koma chibale n'fupa, sichiola. Madzi alephera kuwamaliza zaka zonsezi, ndiye awamalize ndi manyazi ako? Palibe akukupempha kuti ulowe pansi pa madzi. Ukwere basi imodzi kuchokera ku ofesi kwako, upinde mkono wa malaya, akubaye kasingano. Akulu ako analowa mumdima, m'chipinda choti chikanawagwera nthawi ina iliyonse, ine nditagwira moyo wawo pa chingwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti akulu akowo amakuikira kumbuyo. Ndikayamba kukutchula amati ndikusiye, uli ndi banja loti ulidyetse, ntchito ya boma ndi yosachedwa kutha. Amanena zimenezi singano ya ukonde ili m'manja. Ine ndimangotuluka panja kuti ndisawayankhe mwano. Kalata ino sakuidziwa.

Tsopano za amayi.

Manda aja adakali otsegula. Gonthi anavindikirapo malata, koma mvula ikagwa madzi amalowabe, iye n'kupita ndi ndowa kukakapa. Oyang'anira manda abwera kangapo kudzanena kuti dzenje lisakhale choncho, mwana wa munthu angagweremo. Amayi akukana.

Bokosi lili pabalaza pomwe analisiya apolisi. Poyamba tinkaliopa, tsopano tinayalapo nsalu ndipo ana amalemberapo za kusukulu. Alendo akabwera amasowa poyang'ana.

Amayi kudya asiya. Amalawa pang'ono n'kukankha mbale, ati akhuta. Miyendo yatupa. Kuchipatala ndinawatengerako, adokotala anati sakuona matenda. Masana onse amakhala pawindo loyang'ana kumsewu, ndipo galimoto ikachepetsa liwiro amakonza mpango wawo kumutu. Sindidziwa ngati akudikira katoni kapena iwe.

Lachiwiri lapitali ndinabwera kuchokera kumsika n'kuwapeza ataima pambali pa bokosi. Anali atachotsa nsalu ndi mabuku a ana, akuliyeza ndi chikhatho kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Atandiona sanachite manyazi. Anati latalika pang'ono koma palibe kanthu. Ndinawakalipira kuti asamalankhule zotero. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Dzenje lija lisakwiriridwe. Akapanda kubwera iwo, ndilowamo ndine. Anthu anavutika kukumba."

Amayi ako ukuwadziwa. Sanena chinthu kuti aopseze munthu. Mmene ndikuwaonera, mwezi uno ndi iwo athera limodzi.

Nditawauza kuti ndikulembera, anandiletsa. Anati mwana sapemphedwa kuti akhale mwana. Ine ndalemba, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amawasambitsa ndine, amene amaona nthiti zawo ndine.

Ndiye ndikuuze mosapsatira. Ku manda amenewa udzafikako, ufune usafune. Udzavala suti yako yakuda, udzaima kutsogolo monga mwana wa pakhomo, anthu adzakupatsa mpando. Chatsala n'choti usankhe amene tidzamutsitsire m'dzenjemo. Ukapita ku ofesi ija mwezi uno, tidzaika bambo ako, amayi ataima pambali pako. Ukapanda kupita, tidzaika amayi ako, ndipo bambo adzakhala ali kumene sitidzakudziwa mpaka kalekale. Tsiku limenelo usadzandifunse chifukwa chimene sindinakuuze.

Chingwe changa anatenga apolisi, chatsala ndi pepala lino. Ndakoka, mlamu, ndipo sindikulekeza. Ukudziwa chimene amachita munthu wa pamwamba chingwe chikakoka choncho.

Undiperekere moni kwa akazi ako, uwauze kuti ndathokoza chifukwa chosandibisira. Ana uwapsompsone, ndipo wamkuluyo umuuze kuti agogo ake amamufunsa. Ana a kuno akuti moni kwa bambo awo aang'ono. Gonthi nayenso akupereka moni, ngakhale mawu amene anawonjezera sindingawalembe.

Mulungu akusunge, akupatse tulo, akupatsenso mpando ukuufunawo ngati ndi wako. Koma ayambe wakupatsa miyendo.

Ukamapita ku ofesiko utenge nsalu yoyera yaikulu. Mayi uja akuti chipindacho chimadontha, ndipo katoni yayamba kufewa pansi.

Ndine mlamu wako,
wogwira chingwe.